NSIMA YAKULAKWIRANI CHIYANI, ANYAMATA A ZITSULO?

 Lero sindinabwere ndi uthenga wa "landira chozizwa chako" ayi. Ndiye inu mumathamangira kulemba Amen musanawerenge, tadikirani kaye, mwina pofika kumapeto Amen ameneyo akulemerani. Nkhaniyi ndi yaitali. Ngati bandulo yatsala pang'ono, isungeni mudzawerenge mawa, koma muwerenge yonse.

Ndikufuna tilankhulane za ufa uja wabwera m'zitini ndi m'timapaketi, umene anyamata athu onyamula zitsulo akusungunula m'botolo, kukhutchumula, n'kumwa m'malo mwa chakudya. Ena akuutcha sheki, ena akuti protein, ena akungoti "katundu". Ogulitsa akuti kapu imodzi ikufanana ndi mbale ya chakudya chokwanira, ndiye nsima siyofunikanso, akuti imangotupitsa mimba. Ine ndikuti limeneli ndi bodza. Ndipo ndi bodza lodula, chifukwa amene akulilipira si wogulitsayo. Akulilipira ndi mayi wa m'malaini amene mwana wake wasiya kusiya ya ndiwo pakhomo, ndi mtsikana wa khanda kumbuyo amene mwamuna wake walandira fotinaiti Lachisanu koma Lolemba m'nyumba mulibe ndi mchere womwe.

Ndiyambe ndachotsa chitsotso, chifukwa ndikudziwa ena ayamba kale kunena kuti abusa akudana ndi jimu. Ayi ndithu. Ine ndikamadutsa madzulo n'kuona anyamata pansi pa mtengo wa peyala, atathira simenti m'zitini za penti n'kulowetsa chitsulo pakati, wina atatola magiya akutha a thirakitala, benchi yake ya thabwa la bulugamu, mtima wanga umakondwa. Bola mnyamata ameneyo kusiyana ndi uja wagona m'ngalande ndi kachasu, kapena uja wakanirira pa foni kubetcha mpira wa ku England ndi ndalama ya feteleza. Paulo polembera Timoteo sanati kulimbitsa thupi ndi tchimo. Anavomera kuti phindu lilipo ndithu, kungoti silingapose la moyo wa uzimu. Ndiye nyamulani zitsulo, ana anga. Mkangano wanga ndi chimene mukuika m'kamwa, komanso chimene mwasiya kuika.

Ine sukulu ndinalekezera Fomu 4, si ine dokotala. Koma kuwerenga ndimatha, ndipo zitini zimenezi ndazigwira m'manja mwanga, ndazitembenuza, ndawerenga timalemba tating'ono ta kumbuyo tija timene wogulitsa amatiphimba ndi chala. Inu mumawerenga kutsogolo, pamene pali mzungu wa chifuwa ngati chitseko. Tembenuzani chitini.

Ufawu uli mitundu itatu, ndipo anyamata ambiri sadziwa n'komwe umene agula.

Woyamba ndi umene amati wolowa m'malo mwa chakudya. Mvetserani bwino apa. Ufa umenewu anaupangira anthu ofuna KUCHEPETSA thupi. Anthu a m'maiko olemera, amene amakhala pa mpando mu ofesi tsiku lonse, kuchoka pamenepo kulowa m'galimoto, chakudya chachuluka mpaka thupi lalemera. Amenewo ndiye amawauza kuti, m'malo mwa nkhomaliro imwani kapu iyi kuti mudye zochepa. Kapu imodzi imakhala ndi makalori cha m'ma 200. Mwamuna wogwira ntchito ya thukuta amafuna cha m'ma 3,000 pa tsiku, mwinanso kuposa. Tsono iwe mwana wanga, wadzuka 5 koloko, wabereka dengu kumsana, wathyola tiyi pa mtsetse wa phiri mame akukunyowetsa mpaka m'chiuno, wapita ku sikelo, wabwerera, dzuwa lakuotcha, madzulo wakanyamulanso simenti pansi pa peyala, ndiye ukumwa chakumwa cha munthu wofuna kuonda kuti unenepe? Ukuona kuti mutu ukugwira pamenepo?

Wachiwiri ndi umene amati wonenepetsa, wa m'matumba akuluakulu uja. Werengani dzina loyamba pa mndandanda wa zimene asakanizamo. Kawirikawiri mupeza mawu akuti maltodextrin. Dzina lochititsa mantha, eti? Ndi sitachi, abale, ndipo nthawi zambiri amamutenga ku chimanga. Chimanga! Mwathawa nsima ya mayi anu kuti ndi yachimidzi, n'kukagula chimanga chomwecho atachiveka suti, n'kuthiramo fungo la vanila. Mu sheki zambiri za mtundu woyamba uja namonso chinthu chachikulu ndi soya ndi shuga. Soya yemweyu alimi a ku Mchinji, ku Kasungu ndi ku Dedza amalira naye chaka ndi chaka kuti mavenda akuwabera pa mtengo.

Wachitatu ndi whey. Uyu sindimunyoza, ndi chakudya chenicheni chomanga thupi. Koma mukudziwa kumene amachokera? Akamapanga tchizi ku mafakitale a mkaka, pamatsala madzi. Madzi amenewo amawasefa n'kuwaumitsa, ndiye ufa mukuuonawo. Kasupuni kake kaja ka m'chitini kamapereka magalamu 20 mpaka 25 a protein. Ndipo ngakhale pa chitini pomwepo amalemba kuti ndi chongoonjezera pa chakudya, osati cholowa m'malo mwa chakudya. Opanga akewo akuvomera okha, koma kochi wanu wa pa WhatsApp akudziwa kuposa iwo.

Ndikupatseni umboni, dzina sinditchula, esiteti sinditchula. Mnyamata wina wa mumpingo mwathu, woimba ng'oma mu kwaya, dzitho lake labwino lobadwa nalo, anagwa m'munda wa tiyi nthawi ya dzinja, tiyi atachuluka, pamene munthu amayenera kukokera makilo kuti apeze yapamwamba. Anzake anamunyamula. Uthenga unandipeza kuti mwana walodzedwa, achibale ena anali atayamba kale kuloza nyumba ya gogo wina wosalakwa. Ndinapita, tinapemphera, inde, pemphero ndiye ntchito yanga. Titatha kupemphera ndinafunsa mayi ake kuti mwanayu akudya bwanji. Mayi aja anagwetsa misozi. Akuti sabata yachitatu tsopano, m'mawa botolo, masana nsima ya ku ntchito akupatsa anzake, usiku kambatata kamodzi ndi botolo lina. Achipatala atamuyeza anati thupi lilibe mphamvu ndi madzi, akadye. Ndi njala imeneyo, abale. Njala yogula ndi ndalama. Chitini anatenga pa ngongole ya katapila. Ndipo gogo uja akanaphwanyiridwa nyumba chifukwa cha ufa wa vanila.

Lero mnyamatayo ali bwino, ng'oma akuimba, zitsulo akunyamula, ngongole anamaliza mwezi wachinayi. Ulemu kwa Mulungu. Koma chiwanda chimene tinatulutsa m'nyumba imeneyo chinatuluka ndi mbale ya nsima ya mgaiwa ndi nandolo.

Tsopano tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa ogulitsa amakonda manambala, nanenso manambala ndili nawo. Akatswiri a za kadyedwe amati munthu wamba amafuna pafupifupi magalamu 0.8 a protein pa kilo iliyonse ya thupi lake pa tsiku, pamene wonyamula zitsulo wofuna kukuza minofu amafuna cha m'ma 1.6. Mnyamata wa makilo 60 ndiye kuti akufuna magalamu 96, tingoti 100. Chabwino. Lita imodzi ya mkaka wa ng'ombe ili ndi magalamu oposa 30. Dzira limodzi lili ndi 6, awiri ndi 12. Mtedza wolemera magalamu 100, umene umangokwana m'kakapu, uli ndi 25. Nyemba kapena nandolo wouma wa muyeso womwewo, woposa 20. Tafika kale pa 87, nsima sitinaiwerengere. Ufa wa mgaiwa nawo uli ndi magalamu 8 kapena 9 pa 100 aliwonse, ndiye mitanda imene mnyamata wa njala amadya masana ndi usiku ikuonjezera ena pafupifupi 30. Tadutsa 100. Sindinatchule usipa ndi matemba ouma, amene kuposa theka la kulemera kwake ndi protein yekhayekha. Sindinatchule soya pieces wa pa okala. Sindinatchule ngumbi, inu a ku Thyolo amene mvula yoyamba ikagwa mumagona pa chulu ndi nyali.

Ndipo pali chinsinsi china chimene Mulungu anabisa m'mbale mwathu. Chimene chimaperewera mu protein ya chimanga chimapezeka mu nyemba, chimene chimaperewera mu nyemba chimapezeka mu chimanga. Zikakumana m'mimba zimakwanirana. Agogo athu sanapite ku Bunda koma ankaphika nsima ndi nandolo, ankatendera nkhwani, ankathira nsinjiro mu futali. Lero mdzukulu wa foni ya kamera zitatu akuti gogo sadziwa kanthu.

Za mkakazi ndiye zimandiwawa zedi. Thyolo ndi limodzi mwa maboma a ng'ombe za mkaka m'dziko muno. Imani pa msewu wa ku Bvumbwe mbandakucha muone njinga ndi zigubu, alimi akuthamangira ku mabaking'i a mkaka kuti akapereke usanasase. Mkaka umenewo umakwera galimoto kupita ku mafakitale a m'tauni, mlimi n'kutsala akudandaula mtengo. Mnyamata wa zitsulo akukhala nyumba yachitatu kuchoka pa khola, koma sanagulepo ngakhale theka la lita. Akudikira madzi otsala a mkaka wa ng'ombe za kunja, oumitsidwa, odutsa pa Beitbridge ndi pa Mwanza m'chikwama cha munthu, ogulidwa ndi marandi. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse cholowa kuchokera kunja chinalumpha mtengo. Chitini chimodzi chimene ndinachigwira ine mtengo wake unkaposa thumba la chimanga la makilo 50. Thumba limadyetsa banja. Chitini chimatha munthu mmodzi mwezi usanathe.

Kodi ife anthu a ku Thyolo tinalakwa chiyani kuti zabwino zathu zizituluka ife n'kumaombera m'manja zinyenyeswa? Tiyi wabwino amapita ku okushoni ku Limbe, ulendo wa kunja, ife timamwa fumbi lake. Makademiya amene timatola m'minda ya esiteti amakadyedwa kutsidya kwa nyanja, mwana wa wotolayo kukoma kwake sakudziwa. Nthaka yabwino inapita kalekale, tonse tikudziwa, mudzi wapanikizika pakati pa tiyi ngati mphasa yopinda. Nthochi zimene zinkatchukitsa Thyolo zinatha ndi matenda a chisaka. Chatsala m'manja mwathu ndi kambale ka nandolo, kamtedza, kadzira ka nkhuku yachikuda. Tsono chimenechonso tichinyoze tokha?

Taganizirani amene anatsegula mapiri ano. Satemwa inayamba mu 1923. Conforzi, Naming'omba, Makandi, Nchima, minda yonseyi sinadzilime yokha. Azigogo athu, ambiri a iwo Alomwe amene anaoloka kuchokera ku Mozambique, anagwetsa mitengo ndi nkhwangwa, anazula zitsa ndi makasu, anasenza katundu pamutu, ananyamula azungu pa machila, pansi pa thangata, yemwe uja John Chilembwe anamukana mu 1915. Sindikuyamikira thangata, anali ukapolo. Ndikungofunsa kuti mphamvu zogwetsera nkhalango anazitenga m'chitini chiti? Chinangwa, kalongonda wophika tsiku lathunthu, nandolo, mbewa, thobwa. Ngakhale lero, taonani wakabaza wokwera chitunda ndi matumba atatu a makala, taonani mayi wosenza dengu la kabichi kupita pa msika wa Bvumbwe. Muwafunse sheki imene amamwa, akusekani.

Tibwere kwa ogulitsa, ndipo apa ena mundichotsa pa anzanu, palibe kanthu.

Malonda amenewa ambiri sayenda ngati a pa golosale. Amakuuza kuti usangogula, ulowe. Ulipire ya kulembetsa, utenge katundu, upeze anthu awiri pansi pako, awiriwo apeze anayi, ndiye iwe uzidzangodya uli gone. Amabwera atavala jekete, amakuonetsa chithunzi cha munthu ataima pa galimoto ku Lilongwe. Funso langa ndi limodzi: m'malaini mwa esiteti, momwe aliyense amalandira zofanana ndipo mvula ikatha ambiri ntchito imawathera, anthu a pansi pakowo uwapeza kuti? Ugulitsa kwa mlamu wako, kwa mnzako wa mu kwaya, kenako katundu akuunjikana pansi pa bedi, tsiku lake likutha, ngongole ya ku banki m'khonde ikukula. Ndalama imakwera m'mwamba, siitsika. Ku America komweko, mu 2016, bungwe la boma loteteza ogula la FTC linagwirizana ndi kampani ya Herbalife kuti ilipire madola 200 miliyoni ndi kusintha kachitidwe kake ka malonda, chifukwa ambiri mwa olowa sankapeza phindu limene ankalonjezedwa. Ngati zinavuta kwa eni ake a madola, kwa wothyola tiyi zikhala bwanji?

Ndipo atumiki anzanga, ndikulankhula nanu poyera chifukwa mukuchita poyera. Guwa si okala. Ena mwa inu mukutha kulalikira n'kunena kuti tikatha mapemphero amene akufuna thanzi ndi chuma atsale, kenako mayi busa akutulutsa zitini m'chikwama. Nkhosa imakhulupirira mbusa. Mukanena kuti ufa uwu umachiza shuga, umachiza BP, umakuza thupi la woonda n'kuchepetsa la wonenepa, ufa umodzi womwewo, gogo amasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa abusa anena. Magazi a munthu ameneyo adzafunsidwa m'manja mwa ndani? Yesu anagubuduza magome a ogulitsa m'kachisi, sanapemphe komishoni.

Pali china choopsa kuposa chitini chodula, ndicho ufa wopanda dzina. Chifukwa anyamata ambiri chitini chathunthu sangachikwanitse, ena akumapungulira m'timajumbo, kumanga mfundo, n'kumagulitsa ngati mchere wa pa msika. Palibe lebulo, palibe tsiku lotha ntchito, palibe chidindo cha a Malawi Bureau of Standards. Mukudziwa chimene chili m'menemo? Atha kuthiramo ufa wa chinangwa, bola pamenepo mwangoberedwa. Koma kunja kuno kwapezekapo ufa wa anyamata a jimu wosakanizidwa mwachinsinsi ndi mankhwala a steroid kuti wogula aone zotsatira msanga abwerenso. Mankhwala amenewo amawononga chiwindi, amakweza BP, amalemetsa mtima, ndipo, pepani amayi ndinene mosabisa, amafwetsa mphamvu ya abambo yobereka. Chifuwa ngati ng'ombe ya ngolo, kunyumba mwana osaoneka, kenako muzidzabwera kwa abusa kuti tithyole maunyolo a ku mtundu.

Enanso akumeza mapiritsi aja a apetito ndi dexamethasone ogula pa benchi, akuti anenepe. Nkhope imatupa, inde. Koma ndi madzi ndi mafuta, si mnofu. Dexamethasone ndi mankhwala amphamvu oyenera kulembedwa ndi dokotala. Kumwa chimwereni kumabweretsa shuga, kumafooketsa mafupa ndi chitetezo cha m'thupi. A PMRA alipo kuti aziona za mankhwala, koma sangaime pa benchi iliyonse ya pa Goliati. Woyamba kulondera pakamwa pako ndiwe mwini.

Ndinene chilungamo kuti asadzanditole: protein payokha siwononga impso za munthu wathanzi. Koma anyamata angati kuno anayezetsapo BP? Angati akudziwa za shuga wawo? Munthu amene impso zake zayamba kale kufooka iye osadziwa, akamathira ufa wosadziwika tsiku ndi tsiku, kumwa madzi pang'ono, kuonjezera mapiritsi a ululu chifukwa msana ukuwawa ndi zitsulo, akuyenda m'mphepete mwa phompho. Impso zikaima, makina otsukira magazi muwapeza ku Queens ku Blantyre, ndipo ulendo wake si umodzi, ndi kawiri kapena katatu pa sabata. Werengerani thiransipoti yokha kuchoka ku Thekerani.

Tsopano ndifike pamene pandiletsa tulo. Chiponde.

Mukudziwa chimene ndikunena, musayang'ane kumbali. Timapaketi tija ta chiponde timene achipatala amapereka kwa ana onyentchera, ena mwa inu adzitho mukutigula mobisa kuti ndi sheki ya amphawi. Mumati kamanenepetsa msanga. Inde kamanenepetsa, chifukwa anakapangira mwana amene watsala mafupa okhaokha, amene akapanda kudya kameneko amwalira. Ndi mankhwala, si switi. Paketi iliyonse imene mwamuna wa ndevu wafinyira m'kamwa mwake pansi pa peyala yachoka pakamwa pa mwana. Kaya anagulitsa ndi mayi wake chifukwa cha umphawi, kaya inatuluka pa khomo la kuseri, mwanayo sanadye. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno ndi opinimbira. Atatu kapena anayi mwa khumi aliwonse! M'dziko lotere, iwe wa mikono ngati mtondo ukulimbirana chakudya ndi khanda? Ukadziyang'ana pa kalilole n'kumakunga mkono, udziwe kuti m'menemo muli thupi la mwana wa mwini. Ili lokha sindinyengerera. Ndi kuba, ndipo ndi tchimo. Lapa.

Ndikudziwa zimene muyankhe. Wina ati, "Abusa, ndalama ndi zanga, ndinakhetsa thukuta ndine." Zoona. Koma tsiku unagwa m'munda ananyamula ndi anzako, anakudikirira kuchipatala ndi mayi ako, ngongole anathandiza kubweza ndi mlongo wako wogulitsa mandasi. Ndalama ndi zako pogula, mavuto ake ndi a mudzi.

Wina ati, "Nanga osewera mpira a ku Ulaya samwa zimenezi?" Amamwa. Koma amamwa atadya kale katatu, chakudya chowaphikira katswiri, dokotala ali pambali. Kwa iwo shekiyo ndi denga pa nyumba yomanga kale. Iwe ukugula malata maziko ulibe.

Wina, ndipo uyu ndimamulemekeza chifukwa akunena zoona, ati, "Abusa, mukukamba za mkaka ndi mazira ngati n'zaulere. Ife timadya nsima ndi nandolo Lolemba mpaka Loweruka." Mwana wanga, pamenepo ndili nawe. Sindikunena kuti wantchito wa pa esiteti akudya bwino. Malipiro ndi ochepa poyerekeza ndi mitengo ya zinthu, ndipo n'chifukwa chake pamene ndondomeko ya Malawi Tea 2020 inkayamba mu 2015, nkhani ya malipiro ndi ya chakudya cha masana cha antchito zinali pa tebulo. Nkhondo imeneyo sinathe, a PAWU apitirize kuimenya, ifenso a mipingo tisakhale chete. Nsima yoyera ndi masamba owiritsa tsiku ndi tsiku simanga thupi, ndi zoona, n'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amatiimbira nyimbo ya magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Koma taona: ngati ndalama yako ndi yochepa, ndiye chifukwa chenicheni chosaiponyera m'chitini. Ndalama ya chitini chimodzi igawe pa masiku 30, uone mazira angati, mtedza wochuluka bwanji, timilu tingati ta bonya. Ndipo zimenezo mudya nonse m'nyumba, mwana wako nayenso alawa.

Muzu wa zonsezi, monga ndikuonera ine, ndi manyazi ndi changu. Foni yatiphunzitsa kuchita manyazi ndi mbale yathu. Mnyamata akhoza kujambula botolo lake la sheki n'kuika pa status, koma sangajambule nsima ya kholowa. Botolo likunena kuti ndine wa m'tauni, ndatsogola. Ndiye pali changu. Ukuona chithunzi cha munthu wa ku America amene wanyamula zitsulo zaka khumi, mwinanso akubaya majakisoni, chithunzicho achikonzanso pa kompyuta, iwe ukufuna ufanane naye pofika Khirisimasi. Mnofu sumera ngati bowa. Umakula pang'onopang'ono, ndi kunyamula, kudya, ndi kugona tulo tokwanira. Inu a tiyi mukudziwa bwino: mbande ya tiyi mukaibzala lero, zimatenga zaka musanayambe kuthyola zenizeni. Palibe kapitawo amene anakalipira mbande kuti ikule msanga.

Esau anabwera kuchokera kuthengo ali ndi changu chomwechi, anasinthanitsa ukulu wake ndi mbale imodzi. Koma Esau bola, anadya mphodza zenizeni n'kukhuta. Danieli ndi anzake ku Babulo anakana zonona za pa gome la mfumu, anapempha zakudya za kumunda ndi madzi, ndipo patatha masiku khumi ankaoneka athanzi kuposa anzawo. Eliya atafooka pansi pa kamtengo m'chipululu, mngelo anamudzutsa kawiri kuti adye mkate ndi kumwa madzi, chifukwa ulendo unali wautali. Mulungu amene akanatha kumudzaza mphamvu ndi mawu okha anayamba wamudyetsa.

Ngati vuto ndi lakuti mukufuna chakumwa cha m'botolo kuti muzioneka bwino pa jimu, chabwino, pangani chanu. Kazingani soya mpaka fungo la uwisi lichoke, soya wosakazinga amavuta m'mimba. Sakanizani ndi chimanga, magawo anayi a chimanga gawo limodzi la soya, mukagayitse. Amenewo ndiye maziko a Likuni Phala, yemwe dzina lake linachokera ku mishoni ya Likuni ku Lilongwe, phala lomwe a Mary's Meals akhala akudyetsa ana m'masukulu athu ambiri. Phikani, thiranimo nsinjiro ndi mkaka wowiritsa, ponyanimo nthochi ngati mwaipeza, peyala pambali nthawi yake ikakwana. Mtedza wake musankhe, wachuku ndi wowola mutaye, chifukwa chuku cha mtedza chimawononga chiwindi. Thirani m'botolo lanu lokongolalo, khutchumulani monga mumachitira. Palibe adziwe. Koma nsima ya masana mudye, ndi ya usiku yomwe.

Inunso atsikana, muli ndi gawo. Mukamaombera m'manja chifuwa chokha osafunsa ngati mwini chifuwayo ali ndi mbuzi ngakhale imodzi, anyamatawa apitiriza kudzipha ndi njala kuti akusangalatseni.

Kwa achimwene aja munanditumizira uthenga usiku kuti ndikuwononga bizinesi yanu ndipo mundionetsa, ndakumvani. Sindinakutchuleni dzina ndipo sindikutchulani. Koma Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, achinyamata tikukumana pa tchalitchi, ndipo ndapempha mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu kuti adzakhale nafe ndi makina ake oyezera BP. Mnyamata aliyense wa zitsulo abwere, wa mpingo uliwonse, Msilamu, ngakhale wosapemphera. Bwerani ndi chitini chanu, kapena kajumbo kanu, ndi mtengo umene munagulira. Amayi alonjeza kubwera ndi sikelo ya pa msika, mtedza, nandolo ndi usipa. Inunso achimwene bwerani ndi katundu wanu, mpando wa kutsogolo tikusungirani, mudzatiwerengere nokha za kumbuyo kwa chitini mokweza, anyamata akumva.